Zishalo Ziwiri pa Lizulu

Pa thebulo la a Jale, pakati pa matcheni ndi masipoko,
zagona ziwiri.
Njinga yanga ya matayala owonda yatsamira pakhoma.

Chapulasitiki n'chopepuka ngati chitsononkho.
Ndachidina ndi chala, chavomera msanga.
"Mvula sichiiopa," atero a Jale,
"ndipo chenji itsala ya kachewere."

Chachikopa n'chakaunjika,
chouma gwa, chikununkhabe khola.
Pakati pali kadzenje
kosiyidwa ndi munthu amene sindidzamuona.

"Ichi chidzakulanga miyezi itatu.
Ukakwera Khwekhwelere, potsika uziyenda ngati bakha.
Uzichidzoza mafuta, uzichifunditsa jumbo
nkhungu ya ku Bembeke ikagwa.
Kenako chidzaiwala mwini wake wakale
n'kuyamba kuphunzira iwe."

Nanga chinacho?
"Kukoma kwake ndi lero lomweli.
Chikang'ambika, chang'ambika."

Zaka zanga zadutsa makumi asanu,
bondo lakumanzere limadandaula m'mawa.
Miyezi itatu si yochepa.

Basi yadutsa, fumbi latera pa zonse ziwiri.
A Jale apukuta chachikopa chokha,
ndi malaya awo.
Ndaona.
Ndikuwerenganso ndalama.