Mpata Umodzi

Ku Oulu dzuwa lalowa fili koloko isanakwane,
chipale chofewa chakwirira njinga ya Tuulikki panja.
Tiyi wazizira m'kapu.
Pa sikirini yakuda kamzere koyera kakuphethira,
kudikira kuti alankhule.

Makompyuta amene akuwalamulawo sanawaonepo.
Akuti ali m'nyumba ina kutali, mazanamazana,
akung'ung'udza ngati njuchi m'mashelefu ozizira.
Iye amangogogoda ndi dzina ndi mawu achinsinsi,
chitseko n'kutseguka.

ls, ndipo mafayilo afola:
miyezi isanu ndi iwiri ya mphepo ya kunyanja
yoyezedwa ola ndi ola.
Amafuna kusesa zinyalala zokha.
rm, kenako chala chaterereka:
mpata umodzi
pakati pa nyenyezi ndi dontho.

Makina safunsa kuti kodi mwatsimikiza.
Amangomvera.

ls kachiwiri. Zii.

Wakhala duu, dzanja patsaya,
mpaka walembera Veikko woyang'anira makina.
Yankho labwera kutacha:
zadzulo zilipo, tinasunga usiku,
koma zalero iwalani.

Masiku ano asanadine batani
amawerenga mzerewo kawiri,
milomo ikugwedera
ngati mwana amene akuphunzira kumene zilembo.