Khutu la Malemu

Anachibweretsa m'Baibulo, pakati pa Masalimo,
chithunzi chimodzi chokha cha malemu amuna awo
atavala jekete yobwereka.
"Felemu ya mbawa, a Chikadza. Lachisanu."

Lachitatu magetsi anathima Mchesi yense.
Ndikudula katoni pa kuwala kwa foni
lezala linaterereka
n'kunyotsola khutu lamanzere la malemu.

Sipiliyano, mnyamata wanga, anati,
"Sunthani pang'ono, bwana, thabwa libisa.
Ndani amawerenga makutu a akufa?"

Ndinasunthadi. Linabisikadi.
Koma usiku, minibasi za ku Kawale zitaleka kulira,
khutulo linkandimva ndikutembenuka pabedi.

Lachisanu ndinazula timisomali iwo akuona.
"Mayi Nachisale, taonani. Ndi dzanja langa ili.
Thabwalinso si mbawa,
ndi paini wopaka vanishi."

Anayang'anitsitsa,
utuchi ukutera pa duku lawo.

"Khutu limeneli," anatero,
"ngakhale ali moyo silinkamva."
Anaseka,
kenaka n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

Anachotsera zikwi zitatu pa mtengo.
Sindinatsutse.

Mwezi wotsatira, awo pakhomo,
satifiketi ya mwana wawo ili m'manja:
"Iyi mudule masana."