Tsamba 63

Masabata atatu tsopano
Lufeyo ndi Tinenenji aima pakhomo la chipinda,
mwamunayo dzanja lili pa loko,
mkaziyo akupukutabe mapazi ouma kale.
Ndawaimika ndine.
Ndinawayendetsa bwinobwino kuchokera ku Santhe,
m'fumbi la Okutobala,
ndinawagulira zitumbuwa pa depoti ya Kasungu,
koma pofika apa bolopeni yangoti zii.

Esinati wonditayipira kuseri kwa positi
salumpha mzere.
"Aphunzitsi, apa mwasiya mpata.
Alowa kapena salowa?"
Ine maso pa makina a fotokope.

Lachinayi ndimavala zoyera za Chigwirizano.
Ana a folomu 3 adzalipeza bukuli,
adzapinda ngodya ya tsamba limodzi lokhalo
mpaka lidzade ndi zala.
Atsibweni ku Chamama adzati
mwana wa mlongo wanga walaula,
ndipo walaula pa pepala, posafufutika.

Komatu amayi omwewa,
usiku woti mawa ndikwatiwa,
anatseka mawindo
natchula chilichonse ndi dzina lake,
wina mpaka anagwada kundionetsa.
Mawu alipo.
Kungoti ali ndi nyumba yake,
ndipo buku lilibe mawindo oti utseke.

Ndinayesa. Usiku wina magetsi atathima
ndinalemba zonse pa kandulo, osasiyako.
M'mawa zinamveka ngati chipepala
chokhomedwa pakhoma la chipatala.
Ndinayatsira mbaula.
Ndinayesanso za mafanizo:
mphezi, uchi, mtsinje kusefukira.
Esinati anaseka mpaka kutsokomola:
"Bua kusefukira mu Okutobala?"

Dzulo, ndikupatula masamba a nkhwani,
ndinamuona Tinenenji m'mawa mwake.
Mwamuna wake ali ku Joni chaka chachinayi.
Ndiwo zapsa, mchere uli pomwepo pafuwa,
koma akuitana mwana wa pakhomo lina:
"Tabwera udzandithirire."
Apongozi ake, ali pamkeka,
asiya kutongola chimanga.
Basi.
Wa kuno wamva zonse,
wosamva akafunse kwawo.
Chitsekocho ndachikoka ndekha, mwaulemu,
poti awiriwa anafunana
ndipo sanandiitane.

Koma kutsogoloku kuli chitseko china.
Tsamba 104, ku esiteti ya fodya,
kapitawo waitana mkazi wa tenanti
kuti akambirane za ngongole ya chimanga.
Apanso dzanja langa linathamangira kutseka,
kulemba kuti "ndipo kunacha."
Ndinaima.
Kapitawoyo akufuna zomwezo.
Mudzi wonse unatseka kale,
nkuti za m'nyumba saulula.
Ndikatsekanso ine
ndakhala mlonda wake wosalipidwa.

Apa ndilowa.
Sindivula munthu.
Ndiima pamene mayiyo akuyang'ana,
ndiwerenge naye misomali ya malata,
khumi ndi isanu ndi iwiri, umodzi wopindika,
ndimve fungo la chikopa cha fodya
limene adzalisanze mpaka ukalamba,
ndi wailesi imene bamboyo anakweza.
Wowerenga asapezepo potsekemera.
Akafuna kupinda ngodya ya tsambali
zala zimuwawe.

Ndapereka zonse lero masana.
Esinati watayipa za mchere
akumwetulira chamumtima, osafunsa.
Pa misomali paja zala zake zaima.
Panja wa kabaza akuitanira a ku Mtunthama.
Wati, osandiyang'ana,
"Kwathu inali khumi ndi inayi."
Kenako wafunsa ngati "kapitawo"
ayambe ndi chilembo chachikulu.
Ndati ayi.