Chimbudzi cha Ndaziona

Mwatitha wanditumizira kuchokera ku Joni
chibokosi chodzisesa chokha,
ati mphaka wanga aleke kukumba m'maluwa.

Ndidayamba ndi mchenga wa mu Lifidzi,
makina adakukuta mano usiku wonse.
Utuchi wa kwa Sumani, kalipentala wa pa Kamuzu Road,
udabuka ngati gaga,
Ndaziona n'kuyetsemula mpaka misozi.
Wamafuta onunkhira uja wa m'sitolo
adangoununkhiza, n'kukadzithandiza kuseri kwa firiji.

Lero ndagula timibulu ta dongo,
topanda fumbi, topanda fungo.
Ndadontheza madzi pachikhatho:
tagwirana, gwa, chibuluma chimodzi.

Walowa. Wapalasa.
Watuluka mchira uli m'mwamba ngati bwana.
Makina angoyamba kutembenuka,
magetsi thi!

Ndatenga kafosholo kanga kakale kaja.