Njinga ya Ajidu

Ine sindiwerenga nyuzi, ndimawerenga malimu.
Njinga ikafika pamthunzi wanga pano pa M'baluku,
mwini wake asanatsegule pakamwa, gudumu lanena kale:
uyu anathawa lole n'kugwera m'ngalande,
uyu anakumana ndi dzenje lija potsika mlatho,
uyu hutala inamudzidzimutsa atasenza matumba atatu a makala.
Sipoko iliyonse yothyoka ili ndi tsiku lake.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikumata machubu,
beseni la madzi akuda pakati pa miyendo,
kudikira thovu kuti liulule pobooka.
Msewu wathuwu ukanakwana m'besenimu
bwenzi madzi akuwira kuyambira ku Boma mpaka ku Chowe.

Lachiwiri lina wailesi ya Che Jafali wa mafuta oyeza
inati boma lapatula ndalama,
akuti njinga zikhale ndi kanjira kakekake.
Inatchula nambala ya maziro ambiri;
ndinayesa kuisandutsa masipoko, mutu unakana.
Anyamata a kabaza anaseka mpaka kugwetsa zipewa.
Sumani anati, kanjirako kadzayambira pa chikwangwani
n'kuthera pa chikwangwani pomwepo.

Sindinaseke nawo.
Kuseri kwa benchi yanga kwatsamira njinga yobiriwira,
khushoni yofiira, mphonje zachikasu,
pa madigadi mawu a penti akuti Pang'onopang'ono.
Inali ya Ajidu.
Anaibweretsa pamutu, ngati mtolo wa nkhuni,
tsiku lomwe mwini wake anamunyamula pamapewa.
Dalaivala akuti sanamuone.
Masana, dzuwa lili paliwombo, munthu wa malaya oyera.

Limu ndinawongola kalekale.
Mafoloko ndinasintha, tcheni chimamwa oyilo Lachisanu lililonse,
belu likulira bwino kuposa kale.
Koma Sakina, mwana wake wa Fomu 2,
akabwera Loweruka fumbi lili m'miyendo
ndimamuuza kuti sipeya sanafike.
Miyezi isanu ndi inayi sipeya akuchokera ku Limbe.
Amandiyang'ana, maso a bambo ake enieni,
nati, amalume, ndimafika belu la sukulu litalira kale.
Ine ndimaweramira m'beseni
kufunafuna thovu pa chubu chosabooka.

Ndingampatse bwanji?
Pakati pa tayala la thiraki ndi mano a phula lodyeka
pamatsala malo osakwana chikhatho.
Pamenepo ndiye pamadutsa odwala opita kuchipatala,
mkodzo uli m'botolo, buku lili m'thumba,
pamadutsa tomato wa ku Namwera, malata, mbuzi yomanga miyendo,
mayi woyembekezera atagwira lamba wa mnyamata wopalasa.
Boma lonseli limayenda pa mawilo awiri
koma msewu umatiyesa alendo.

Dzana kunabwera anthu atatu a zipewa zachikasu,
wina ndi tepi, wina ndi kope, wina ndi chitini cha penti.
Anayeza, anakangana, anagula chinangwa chokazinga.
Wa pentiyo anafika pa mtengo wanga wa mango,
naulemba mtanda wofiira, waukulu ngati munthu wotambasula manja.
Madala, ngati zitheke, kanjira kadzadutsa pamene mwakhalapa.

Ngati zitheke.

Usiku sindinagone. Mtengowu unandidziwa ndili ndi tsitsi,
misomali yanga yonse yopachikapo matayala ili m'thupi mwake.
M'mawa ndinausisita pamtandapo, penti inali itauma.
Dulani, ndinatero, ngakhale panalibe wondimva.
Mthunzi ndikaupempha kwina.
Ingobwerani ndi phula lenileni, osati la pawailesi,
mikono iwiri basi, ndi mzere woyera wosafufutika mvula yoyamba,
ndalamazo zisaphwe panjira ngati chubu cha zigamba khumi.

Mawa ndi Loweruka.
Ndapopa matayala onse awiri, ndapukuta chishalo,
ndamanga kagalasi kofiira kumbuyo.
Zoti ndikamuuze chiyani Sakina, sindinadziwebe.