Mtima wa Lole m'Chifuwa cha Kagalimoto

Odete wafika nayo foni pakhomo la galaja,
galasi lake lidang'aluka pakona chaka chatha.
Akuti, Atate, onani, atilola tsopano.

Atilola chiyani?
Manja anga ali bii ndi oyilo wa dzana,
sindingagwire chinthu chowala,
ndiye wandiyandikizira kumaso.

M'menemo muli kagalimoto kofiira, kamphuno kafupi,
konga kaja ka mlangizi wa ziweto wa ku Domwe.
Chaka chonse, akutero, gemuyi inkakana,
galimoto izithamanga ndi mtima womwe idabadwa nawo.
Lero m'mawa, atagula intaneti ya mametikali makumi awiri,
wapeza chitseko chili pululu.

Chala chake chachikulu, chimodzi chokha,
chazula injini ngati mbatatesi pamzere wonyowa,
chabzalapo ina ya masilinda asanu ndi atatu.
Chakankhanso kamodzi,
mphamvu yomwe inkakoka ndi mawilo akutsogolo
yasamukira kumbuyo, osatsanzika.
Palibe bawuti yomwe yakakamira dzimbiri.
Palibe wafuula kuti gwira, gwira, tcheni likuduka!

Ndaseka mpaka kutsokomola.
Ndamulozera pikapu ya a Zakeyu Mbemba pansi pa bulugamu,
miyezi inayi ili khale pa njerwa,
thadzi likuikira pomwe padali giyabokosi.
Tidaigulira injini ya minibasi
yomwe idagubuduka pamtsetse wa ku Zobwe.
Amuna asanu, nthambi ndi tcheni,
tidaitsitsa pang'onopang'ono ngati maliro a munthu wolemera,
koma mabowo sadakumane.
Adasemphana ndi chala chimodzi,
chala chomwecho ukusinthira nacho dziko.

Sadandiyankhe. Mpikisano wayamba.
Kofiira kaja kabangula ngati lole ya malasha ya ku Mowatize,
kasiya anzake akuyasamula utsi,
koma pa kona yoyamba
thako lapitirira mutu,
kazungulira kawiri, kayang'ana komwe kachokera.

Iii, watero, gemu yabodza iyi.

Ayi mwanawe, apa ndiye yanena zoona.
Wasenzetsa mwana wambuzi goli la ng'ombe.
Mphuno yalemera. Limbitsa masipiringi akutsogolo.
Kumbuyo ika matayala otambalala,
ndipo mafuta usamaponde ngati ukupha njoka,
dikira kona ikutulutse kaye.

Ndapukuta chala pa ovolosi, ndapukutanso,
chidindo chakuda chatsalabe pagalasi.
Tayesa kachiwiri, tagunda mpanda.
Kachitatu ndayendetsa ndine,
owonerera a m'fonimo akadakhala anthu tikadalira maliro.
Kachisanu ndi chiwiri Odete wamaliza wachitatu,
ine ndili chiimire, sipanala m'mwamba,
wanjinga yamoto wodikira tayala lake
akundiyang'ana ngati ndalawa kachasu masana.

Mphepo ya ku Ulongwe ikayamba kuluma makutu
ndimadziwa kuti ndi nthawi yotseka.
Ndikusonkhanitsa zitsulo, ndamva thadzi likudandaula.
Mapazi a Odete ali kunja, thupi lonse pansi pa pikapu,
yunifolomu ya sukulu pafumbi.

Atate, mabowowa akapanda kukumana,
bwanji tidule chitsulo chophwatalala pakati pawo,
mbali ino mabowo a injini, mbali inayo a giyabokosi?

Ndidaziganizapo mwezi wa Epulo.
Ndidaopa shafiti, ndidaopa kulakwitsa muyeso,
ndidaopanso pakamwa pa a Zakeyu.
Sindidamuuze zimenezo.
Ndang'amba katoni ya sopo, ndamupatsira pensulo ya kukhutu,
ndagona chagada pambali pake.

Foni ija tsopano ndi tochi.
Moto watsala pang'ono, wafiira kale.
M'kati mwake kagalimoto kakudikira pamzere woyambira,
injini ya lole ikugunda m'chifuwa,
ife kuno tikupaka girisi m'milomo ya mabowo,
tikudinda pakatoni limodzilimodzi.
Lachinayi latuluka lopendama.
Odete akuti titembenuze katoni, tiyambirenso.