Chiwaya cha aNachuma

Bambo wa sikelo uja anafika Lachiwiri,
njinga italemedwa ndi makasu akutha ndi masipoko.
Anakoleka chiwaya cha malemu azakhali pa mbedza
monga amachitira ana kusikelo ya kuchipatala:
makilo naini. Anatchula mtengo.
Ndinati ndiganize kaye.
Iye anati dzimbiri silidikira woganiza.

Zaka zisanu ndi ziwiri chili kuseri kwa khola la nkhumba,
chikutunga mvula, chikulera udzudzu,
abakha akuchiyesa dziwe lawo.
Chinafiira ngati katondo wa m'njira ya ku Bembeke,
ukachikhudza chinkakusiyira manyazi m'manja.

Ndinayamba ndi chibenthu cha njerwa.
Kwee, kwee, mpaka agalu a kwa aKamtengeni anathawa.
Kenako mchenga wa kudambo,
mandimu anayi ofinyira m'phulusa la zitsononkho,
ndi kawaya kotsukira mapoto komwe kanathera m'zala.
Madzi oyamba anatuluka ngati tapha mbuzi.
Achiwiri ngati tiyi wa pamaliro, wopanda mkaka.
Achitatu sindinawaone,
chifunga chinali chitatsika kale m'phiri
ndipo zala zanga zinali za munthu wina.

ANgozo anaima pa mpanda, manja m'jekete:
“Pa Lizulu ziliko zatsopano, zopepuka,
mwana amanyamula ndi dzanja limodzi.”
Ndinawayankha kuti chopepuka chimazizira msanga.
Koma usiku, msana ukulira,
mawu awo ndinagona nawo.

Tsiku lachitatu chitsulo chinayamba kusuzumira,
chotuwa ngati bulu wonyowa,
ndipo mkati, zala zitatu kuchoka pamlomo,
ndinapeza kamzere kolembedwa ndi msomali.
Ndinakhala pansi.

Apa ndi pomwe mafuta ankalekezera.
Ndinadumphapo kamodzi ndili ndi zaka khumi,
botolo litanditerereka m'manja,
ndipo khutu langa lamanzere likukumbukabe.
Ndinkati aNachuma ndi aumbombo.
Sindinkadziwa kuti pamwamba pa mzerewo
ndi pomwe pankakhala fizi yanga ya Fomu Thu,
nsapato zanga za mphira,
ndi bulangete lomwe ndinapita nalo kugonera kusukulu.
Dzimbiri linadya pansi, linadya makutu onse awiri,
koma masamu awo linawalambalala.

Pamenepo ndinakwecha mofatsa,
ngati ndikusambitsa wodwala.

Chitsulo chosambitsidwa sachisiya chinyowe;
ukangopita kukatunga madzi
umapeza chayambanso kuchita manyazi.
Ndinachiumitsa pa makala,
n'kuchipaka mafuta ndi chigamba cha chitenje chawo chomwe,
pang'ono pokha, ngati opaka mwana pamphumi,
n'kupukutanso ngati ndalakwitsa.
Ndinachivundikira pamoto.
Utsi unadzaza khonde, unalowa m'maso, m'zovala zapachingwe.
Chitazizira, ndinabwereza.
Kachitatu. Kachinayi.
Kutuwa kuja kunasanduka khofi,
khofi anasanduka usiku wopanda mwezi
wonyezimira pang'ono ukaupendeketsa.

Zipsera sizinachoke ayi.
Pansi pake mpaka lero pali timaenje ngati ta nthomba.
Mafuta amalowamo, n'kukhala.

Kachewere woyamba anakakamira,
ndinamupala ndi supuni n'kupatsa nkhumba.
Wachiwiri anasambira,
anatembenuka yekha, anafiirira m'mbali,
fungo linawoloka msewu mpaka posiyira minibasi.
Mafuta ndinathira polekezera mzere.
Dzanja linaima lokha, osauzidwa.

Lachisanu bambo wa sikelo anatulukiranso,
mbedza ikulendewera pa handulo.
Anayang'ana kuseri kwa khola,
anapeza bwalo la udzu woyera pomwe chinkakhala.
Anandifunsa ngati ndaganiza tsopano.

Ndinatenga kajumbo ndi chipande chobowola.
Ndinamufunsa:
mchere wokha, kapena ndi tsabola yemwe?